Adiresi Yosasuntha

3 Malichi

Okondedwa bambo,

Landirani moni wochokera kuno kutali. Ine ndi mkamwini wanu tili bwino, ntchito yokha ndiyo yatikhala pamsana. Kaya inu kumeneko, makamaka amayi? Azakhali, ndikudziwa kuti ndinu mukuwerenga kalatayi mokweza, choncho nanunso moni, ndipo chonde musadumphe mzere ngakhale bambo atayamba nthano pakati.

Bambo, chiyambireni amayi kudwala matenda ofa ziwalo aja, nkhope yawo sindinaione. Ndikaimba foni mumati agona. Tsiku lija munabwereka foni ya a Wometa kuti mundionetse, ndinangoona khoma ndi bulangete. Kubwera sindingathe. Mapepala anga okhalira kuno sanatuluke, ndipo ndikangochoka asanatuluke, sadzandilolanso kubwerera. Tsiku lonse ndimasambitsa ndi kudyetsa amayi a eni kunyumba yosungira okalamba, anga osawaona.

Ndiye a Dalaivala a lole, aja amatinyamulira makalata, akupatsani katoni. M'katimo muli rauta, kamera ndi foni yanga yakale. Rauta ndi kabokosi koyera ka nyanga ziwiri, kogawa intaneti m'nyumba. Mukalumikize ku waya uja a kampani anadzalowetsa pabalaza. Kamera ilumikizidwe ku rauta ndi waya wake wabuluu, ndipo iyang'ane pamene amayi amakhala.

Tsono apa mumvetsere. Kuti ndizitha kuona kamerayo ndili kuno, rauta iyenera kukhala ndi adiresi yakeyake ya IP, yapoyera, yoti munthu wakunja atha kuipeza, komanso yosasuntha. Mkamwini wanu akuti adiresi wamba imasintha magetsi akangothima, ndiye ndizingogogoda pakhomo pa eni. Kampani itipatsa manambala ake posachedwa, ndipo ndidzakulemberani kalowetsedwe kake. Pakadali pano ingolumikizani mawaya.

Ndiuzeni zoona za amayi. Akudya? Akuyankhula?

Ndine mwana wanu,
Mzime

17 Malichi

Mzime wanga,

Moni wa bambo ako uwu, munthu amene kusukulu anangopitako kukakonza mabenchi. Kuno tikudzuka, bondo langa lakumanzere lokha ndilo limadzuka mochedwa kuposa mwini wake. Kaya iwe ndi mkamwini wanga wa magalasi uja, mukudya n'kukhuta? Cholembera chili m'manja mwa azakhali ako monga mwa masiku onse, pakamwa m'panga. Ukapeza mawu oipa m'kalata muno, dziwa kuti si anga.

Katoni inafika. A Dalaivala anaitula pakhomo mosamala ngati muli mazira, n'kukhala pansi kudikira tiyi, n'kumwa makapu a anthu atatu. Kalata yako azakhali ako anaiwerenga kamodzi kokha, ine n'kuisunga yonse m'khutu, paja ukudziwa kuti khutu langali ndi kabati. Mawu awiri ndinawagwira zolimba: yosasuntha, yapoyera. Liwu lachitatu lija la ayi-pi ndinangoti chinthu chimene dzina lake layamba ndi kukana chidzativuta, koma tiyeni nazo.

Tsono za kusasunthazo unafika kwa mwini wake. Moyo wanga wonse ndakhala kalipentala, ndipo palibe tebulo langa linagwederapo, kupatula lija la kwa a Telala, ndipo lija cholakwa chinali simenti yawo. Ndinatulutsa thabwa lija ndinkasungira chitseko cha kabati ya amako, ndinalipala mpaka kuterera ngati tsaya la khanda, n'kukhoma kanyumba kokhala ndi mabowo awiri otulukira nyanga. Rauta m'kati, kamera pamwamba, guluu wosaumira, misomali yaitali ija ya denga, kenako zonse n'kukhomerera kukhoma la pabalaza. Nditamaliza ndinalendewerapo ine ndemwe, miyendo m'mwamba, kuti ndiyese. Mwana wanga, nyumba ino idzagwa, koma adiresi yako idzatsala ili m'malere.

(Ndine azakhali ako. Ndinawauza kuti ayambe adikira. Anati mlembi sayankhula pamsonkhano.)

Tibwere ku zapoyera. Ndinasankha khoma la pafupi ndi windo loyang'ana kumsewu, katani n'kuchotsa, kuti munthu wakunja aipeze mosavutikira monga unanenera. A Wometa anawoloka msewu, lumo lili m'manja, kasitomala atamusiya mutu theka. Anatembenuza katoni n'kupeza mawu achinsinsi aja mumati pasiwedi.

"Madala," anatero, "iyi ndi ya banja kapena ya tonse?"

Ine ndinati, "Mwana wanga wanena yekha kuti ndi yapoyera. Ife sitinalere mwana womana."

Anakopera mawuwo pa chikatoni ndi malembo akuluakulu n'kupachika pawindo. Lero pakhonde pathu pali ngati podikirira basi. A Telala asamutsira makina awo pansi pa windo, akuti m'shopu mwawo mukutentha, chonsecho zaka zonsezi simunatenthepo. Wosoka nsapato uja amaonera mpira pomwepo, nsapato za anthu zili mbuu. Anthu amene sanandipatsepo moni chisamukireni kuno akunditchula bwana. Ndanenepa ndi ulemu, lamba ndaboola bowo lina.

Wafunsa za amako. Akudya. Pang'ono, koma kudya ndi kudya. Kamera ndailozetsa pa mpando wawo wa nsalu yobiriwira uja, pamene ankalukira majuzi.

(Azakhali ako kachiwiri. Pampandopo pamagona mphaka. Amako sanatuluke kuchipinda chibwerereni kuchipatala. Namwino amene amadzawaongola miyendo akuti mwendowo uli ndi mphamvu yoti atha kuyenda ndi ndodo, koma eni ake safuna. Amangogona kuyang'ana kukhoma, dzanja labwinolo ataphimba nalo pakamwa pamene panapotoka. Mawu atsala nawo ndi amodzi: basi. Madzi, basi. Mankhwala, basi. Achimwene akayamba nthano, basi, ndipo apo pokha ndimagwirizana nawo.)

Ndaona cholembera chikuyenda ine nditatseka pakamwa. Sindifunsa, munthu wosadziwa kuwerenga amakhala ndi mtendere wake.

Utilembere za kumeneko. Ndipo ukapeza magalasi otchipa unditumizire, osati owerengera ayi, ongovala, poti tsopano ndine munthu wa intaneti.

Ndine bambo ako

2 Epulo

Okondedwa bambo ndi azakhali,

Moni nonse. Tili bwino. Amayi adzuka bwanji?

Bambo, kalata yanu ndinawerengera mkamwini wanu tikudya. Anaseka mpaka kuvula magalasi, kenako anafunsa ngati mwasiyako kabowo kolowera mpweya, poti rauta imatentha. Ine ndinaseka nawo mpaka pamene ndinafika pa mawu a azakhali. Apo ndinakankhira mbale pambali. Bwanji simunandiuze kuti amayi sakudzuka? Azakhali, zikomo. Muzilemba ndithu bambo akatseka pakamwa.

Chosasuntha si kabokosi, bambo, ndi manambala a m'kati mwake. Yapoyera sikutanthauza kuti ndi ya msewu wonse. Chikatonicho chotsani pawindo, ndipo rauta ndi kamera zipite kuchipinda kwa amayi, a kampani adzatalikitsa waya.

Manambala aja abwera. Azakhali, tengani foni yanga yakale, muilumikize ku rauta, mutsegule poyendera pa intaneti, pamwamba mulembe 192.168.1.1. Ikafunsa dzina ndi pasiwedi, zili pa kapepala kamene ndinamata kumbuyo kwa foniyo. Mupite pamene palembedwa WAN. Mupeza mawu oti DHCP, kutanthauza kuti rauta ikungolandira adiresi iliyonse imene yapatsidwa tsikulo. Musinthe pamenepo, musankhe Static. Patuluka mizere yopanda kanthu.

Mzere woyamba ndi adiresi yathu: 203.0.113.46. Wachiwiri amautchula masiki: 255.255.255.248. Wachitatu ndi getiwe, ndiye kuti geti yotulukira kupita ku intaneti: 203.0.113.41. Pamzere wa DNS mubwerezenso nambala ya geti yomweyo. Mukatero museve. Za kamera mkamwini wanu anakonzeratu m'katimo, musakhudze china chilichonse.

Pakamera pali kanyali kakang'ono. Kakayaka kobiriwira, dziwani kuti ndine ndikuyang'ana.

Chonde fulumirani. Ndipo musanditumizire chithunzi m'malo mwake. Kuno timawapesa agogo odwalitsitsa, kuwatsamiritsa pa pilo, kuwajambula kuti ana awo mtima ukhale pansi. Ndimadziwa mmene chithunzi chimanamira, poti wojambula ndimakhala ine.

Ndine mwana wanu,
Mzime

15 Epulo

Mzime wanga,

Moni. Kuno tilipo, kungoti ena a ife tafupika pang'ono. Kaya inu? Kalata ino uwerenge wekha. Mkamwini wanga umutume kusitolo.

Akuluakulu anati ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo. Ine nkhani imeneyi ndakhala ndikuisimba zaka zambiri, anthu kumaseka, ine kumaseka nawo, osadziwa kuti ndikusimba za mtsogolo mwanga.

Zinayenda chonchi. Loweruka masana azakhali ako anavala magalasi awo, foni kudzanja ili, kalata yako kudzanja ilo. Ine ndinakhala pambali ngati kapitawo. Manambala anali atawawerenga kale mokweza, ine n'kuwaika m'nyimbo kuti asathawe, moti mpaka lero ndimawaimba posamba. Zonse zinatseguka monga unanenera, mizere yopanda kanthu n'kutuluka. Atangoti alembe woyamba, ndinawagwira dzanja.

"Mlongo wanga," ndinatero, "ukuyamba ndi iti?"

"Ya nyumba, achimwene. Ndi mmene mwana walembera."

"Nanga ya geti?"

"Ili pachitatu."

Ndinaseka, kuseka kwa munthu wodziwa. Ndinati, "Iwe, unayamba waonapo munthu akulowa m'nyumba, kukhala pampando, kenako n'kudzadutsa pageti? Ine ndapachika mageti ambiri kuposa mano ako. Geti imayamba, nyumba pambuyo. Komanso ina ikuthera 41, ina 46. Ngakhale ine wosapita kusukulu ndikudziwa amene amabadwa poyamba pa awiriwa. Mwanayu analemba atatopa ndi ntchito, tisamuchititse manyazi kwa mwamuna wake. Tikonze mwakachetechete."

"Achimwene, iyi si nyumba ya matabwa."

"Nyumba ndi nyumba."

Tinakokanakokana mpaka a Telala anasuzumira pawindo kufunsa ngati kwagwa zovuta. Mapeto ake azakhali ako anati, "Chabwino, mutu ndi wanu," n'kulemba ya geti pamalo pa nyumba, ya nyumba pamalo pa geti, n'kuseva.

(Ndinalemba dala kuti aphunzire. Ndinaiwala kuti munthuyu sukulu anaikana kalekale.)

Mwana wanga, ukudziwa mmene pamakhalira chete mbale ikasweka kunyumba ya eni? Pakhonde ponse panangoti zii. Chikatoni chija ndinali ndisanachotse, ndinkati mawa, mawa, poti ulemu ndi wovuta kuubweza. Ndiye anthu anali odzaza. Wosoka nsapato anali pakati pa mpira, munthu atatsala yekha ndi goloboyi, mwendo uli m'mwamba, chithunzi n'kuuma pomwepo. Mpaka lero sanandikhululukire, akuti mwendo uja amaulota. A Wometa analowetsa mutu pawindo.

"Bwana, mwaitani?"

Ndinati, "Ndaikhazikitsa."

"Eee, yakhazikikadi. Ngati mtembo."

Pofika madzulo ubwana unali utatha. Ndabwerera kukhala madala aja a misomali. A Telala makina awo abweza m'shopu, akuti tsopano mukuzizira bwino. Lamba ndabwerera pabowo lakale.

Sindinagonje msanga. Ndinakhala pansi n'kuimbanso nyimbo yanga ya manambala, n'kupeza mawu amene tinawanyozera: masiki. Ndinati ndi zimenezo, chinthuchi chili maliseche. Ndinadula mwendo wa buluku langa lakale n'kuchiveka bwinobwino ndi kanyumba kake komwe, nyanga zokha zili panja. Sichinadzuke. Chinangotentha ngati mwana wa malungo, ndiye ndinachivula, n'kuboola tibowo ta mpweya tija anafunsa mwamuna wako. Umuuze kuti pamenepo pokha ananena zanzeru.

Azakhali ako akuti tingobwerera m'katimo tisinthanitse manambala awiriwo. Ine ndakana. Chinthu chikakomoka ndi dzanja lako, suchimenyanso kachiwiri kuti chitsitsimuke. Foni ndi kalata yako ndazitsekera m'bokosi la zipangizo mpaka utayankha. Umufunse mwamuna wako mochenjera, ngati kuti zachitikira bambo a mnzako wa kuntchito.

Zosamutsira kanyumbaka kuchipinda ndamva, koma guluu uja ndinagula wabwino. Tiyambe tadzutsa wakufayu, za ulendo wake pambuyo.

Amako ndinawasimbira nkhani yonse ya geti, nditakhala m'mphepete mwa bedi, iwo atayang'ana kukhoma. Nditafika pa mwendo wa buluku anati, "Basi." Koma phewa linkagwedera. Azakhali ako akuti chinali chifuwa. Ine ndakhala nawo nthawi yaitali amako, chifuwa chawo ndimachidziwa, ndipo sichigwedeza phewa limodzi.

Yankha msanga, a Dalaivala anyamuka mawa.

Ndine bambo ako, womanga nyumba yopanda khomo

6 Meyi

Bambo,

Moni. Sindikudziwa ngati ndifunse kuti muli bwanji, poti yankho ndikulidziwa kale: zonse zili bwino.

Chitumizireni manambala aja sindinalandire kalata iliyonse. Tsiku ndi tsiku pa nthawi yopuma masana ndimakhala pa masitepe a kuseri kwa khitchini ya kuntchito, kutsegula foni, kuyesa kamera. Mdima wokhawokha. Mkamwini wanu akuti ntchito ija ndi yosatenga nthawi, ngakhale tiyi sangazizire. Ndiye ngati mpaka lero sikuoneka kanthu, si manambala. Pali chimene simukufuna kuti ndione.

Lamulungu ndinakuimbirani. Inu bambo, munthu amene moni yekha amatha ola, munangoti, "Zonse zili m'malo mwake, palibe chasuntha," n'kuyamba kutsanzika. Nditafunsa za kamera munati mukumva phokoso m'foni. Nditakakamira kuti muike foni pakhutu pa amayi, ndinaitana, ndinaitananso, ndipo ndinamva mawu amodzi, otsika ngati ochokera pansi pa madzi: "Basi."

Ndagwira ntchito ino nthawi yokwanira. Ndawaona anthu akuuza mwana wakutali kuti odwala akupezako bwino, chonsecho tikusintha kale nsalu za pabedi. Mwanayo amadzafika zonse zitatha, n'kumafunsa ife antchito kuti ananena chiyani pomaliza. Ine sindidzafunsa munthu funso limenelo.

Kalata yosiya ntchito ndalemba kale, ili m'chikwama. Mwezi uno ukatha ndisanawaone amayi ndi maso anga, ndikapereka, ndikwera basi. Mapepala apite, ndikudziwa kuti sindidzabwereranso kuno. Mkamwini wanu akuti ndikuponya zaka zonsezi m'madzi. Mwina. Koma amayi ndili nawo amodzi.

Kalatayi ndapatsira mchemwali wa mnzanga wa kuntchito amene akubwera kumeneko, poti a Dalaivala sakuoneka. Azakhali, ngati bambo sanena, nenani ndinu.

Mzime

19 Meyi

Mzime wanga, mwana wanga,

Moni, ndipo usapereke kalata imeneyo. Ndayamba ndi mawu amenewa kuti ngakhale nditasochera m'nkhani monga mwa chizolowezi changa, ukhale utawamva. Usapereke.

Kalata yanga ya mwezi watha sinakufike chifukwa lole ya a Dalaivala inathyoka chitsulo cha kumimba pakati pa ulendo. Akhala kumeneko kudikira chitsulo china, kalata yanga ili m'thumba la jekete, ikuyenda ulendo wosasuntha. Abwera nayo dzana, yonunkha dizilo. Ndaiika mu envelopu ino kuti uwerenge uchitsiru wanga mwadongosolo, woyamba poyamba, ngati geti ndi nyumba.

Za pafoni paja, phokoso munalibe. Ndinachita manyazi. Ndinkaopa kuti mkamwini ali pambali pako akumva. Taona, nkhalamba ya imvi kubisa rauta yakufa ngati mwana wobisa mphasa yonyowa, osadziwa kuti kumeneko mwana wanga akulira maliro a munthu wamoyo.

Kalata yako inafika dzulo madzulo. Azakhali ako anaiwerenga chamumtima kaye, zimene sachita. Kenako anapita kukatsegula chitseko cha kuchipinda kwa amako, kuchitsegula chonse, n'kuima pakhomo pomwepo, n'kuwerenga ndi mawu oti ngakhale a Wometa anazimitsa makina. Nditati atsitseko mawu, anandiyang'ana ndi diso lija anatengera kwa malemu mayi athu. Atafika poti mapepala apite, kuchipinda bedi linalira. Atamaliza anangotambasula dzanja.

"Kiyi wa bokosi lija, achimwene."

Ndinapereka. Sindinanene mwambi ngakhale umodzi, ndipo ulembe tsiku limeneli penapake.

Anatsegula foni, kulowa muja munalembedwa WAN, kufufuta, kulemba ya nyumba pa nyumba, ya geti pa geti, kuseva. Ine ndinali nditaika madzi a tiyi pamoto kuti tilimbe mtima pantchito yaikuluyi. Madzi asanayambe n'kulira komwe, tinyali ta rauta tinali titayamba kuphethira. Milungu yonseyi, mwana wanga. Ndinafunsa ngati mwina mwendo wa buluku uja unathandizako pang'ono. Sanandiyankhe.

(Sindinayankhe chifukwa pali mawu ena osayenera kuuza mkulu wako.)

Tsono panatsala kusamutsa kanyumba kaja kupita kuchipinda. Lero m'mawa ndinatenga nyundo ndi chitsulo chozulira misomali, kukwera pampando, kulowetsa chitsulo kuseri kwa thabwa, kukanikiza. Thabwa osamva. Kukanikizanso, pulasitala wa khoma ndiye anayamba kugwa. Kachitatu ndinamva kamera ikulira khosi, kuti the! pang'ono. Azakhali ako anakuwa kuti ndithyola. Ndinaima pampando paja thukuta lili kamukamu, kumenyana ndi kalipentala mmodzi yekha amene sindingamugonjetse. Ntchito yanga yabwino kuposa zonse, ndipo ndinaikhoma pamalo olakwika.

Ndili chiimire, kumbuyo kwanga ndinamva go. Kenako phazi kukhwekhwereza. Kenako go.

Ndodo ija anasiya namwino, imene yakhala ikugwira ntchito yopachikapo thaulo. Amako anali pakhomo la chipinda, phewa atatsamira mphuthu ya chitseko, nduwira ili pambali. Anayang'ana ine, anayang'ana chitsulo chili m'manja mwanga, n'kunena mawu achiwiri chibwerereni kuchipatala.

"Siyani."

Miyezi yonseyi ndakhala ndikuwasimbira nthano zanga zabwino kuti ayankhule, ndipo mawu amene anasunga ndi ondiletsa. Ndi mkazi wanga ndithu ameneyu.

Azakhali ako anathamanga kuti awagwire, iwo anagwedeza mutu. Anangolola kuti aziyenda pambali. Kuchokera pachitseko chija kufika pampando wobiriwira ukudziwa kuti ndi pafupi, unkadumphapo kamodzi uli mwana. Amako anayenda ngati akuwoloka mtsinje wodzaza. Go, khwee. Go, khwee. Pakati anaima kugwira tebulo, ndipo ndikuuze, silinagwedere. Ine ndinali pampando pomwe paja, nyundo m'manja, kukamwa yasaa, osathandiza kanthu, ngati chithunzi cha mpira chija. Mphaka anaona yekha kuti eni malo abwera, anatsika mosanyinyirika.

Atakhala pansi analoza chipeso. Azakhali ako anawapesa, kuwamanga nduwira bwino. Dzanja lija linapita pakamwa monga mwa chizolowezi. Linakhala pamenepo kanthawi. Kenako analitsitsa okha, kuliika pamwendo, n'kuyang'ana kamera.

Kanyali kanali kosayaka. Tinadikira. Unati umayesa masana, ndiye tinadikira masanawo. Ine kudikira chete sindikutha, ukudziwa. Ndinaganiza kuti mwina ndinaithyola khosi lija, ndiye ndinakweranso pampando n'kugunditsa khutu pagalasi lake kuti ndimve ngati muli moyo m'katimo, monga ndimamvera thabwa ngati lili ndi chiswe. Ndikumvetsera choncho azakhali ako anakuwa.

"Chokanipo achimwene, kayaka! Mwatseka mwana!"

Ndinatsika mofulumira kuposa msinkhu wanga. Kanyali kali biriwiri. Amako anakweza dzanja labwinolo, pang'onopang'ono, mpaka paphewa, n'kuligwedeza. Mbali imodzi ya pakamwa inaseka, inayo inatsalira, koma sanabise.

Sindikudziwa chimene unaona kumeneko. Chinthuchi chilibe pakamwa, sichitiuza. Mwina unaona bwino, mwina mdima womwe uja. N'chifukwa chake ndikuti usapereke kalatayo usanatiyankhe. Amako alipo. Akudya, akukana, ndipo tsopano ali ndi mawu awiri ondilamulira nawo.

Ndine bambo ako

24 Meyi

Okondedwa bambo, amayi ndi azakhali,

Moni nonse, moni weniweni. Sindifunsa kuti mwadzuka bwanji, ndakuonani.

A Dalaivala sanafikebe, ndiye sindikudziwa chimene chinachitika kumeneko milungu yonse ija. Mudzandisimbira, ndipo ndikudziwa kuti nkhaniyo ikafika kuno idzakhala itanenepa. Ine ndinene zanga.

Tsiku lija ndinakhala pa masitepe anga aja, kalata ili m'chikwama, n'kutsegula foni mosayembekezera kanthu. M'malo mwa mdima ndinaona phanga. Phanga lofiirira, lopindikapindika, m'mphepete muli udzu woyera. Ndinati kamera yagwera kudzenje. Kenako phangalo linasuntha, n'kukhala khutu. Bambo, khutu limenelo ndingalizindikire pakati pa makutu chikwi. Mulimeteko.

Khutu litachoka ndinawaona amayi.

Sindilemba zambiri pamenepa. Wophika wa kuntchito anandipeza ndikulira ndi kuseka nthawi imodzi, ndikugwedeza dzanja kwa anthu amene sangandione. Amayi, pakamwa panu ndapaona. Ndi pamenepo mumandibisira? Ine ndimapukuta pakamwa potero tsiku lililonse, pa anthu amene sanandiberekepo kumsana. Panu ndi pokongola kuposa ponse.

Kalata ija ndang'amba. Mkamwini wanu anatola zidutswa n'kukazitaya kutali yekha, kuopa kuti ndingazimate.

Tsono bambo, mverani bwino, ndipo azakhali muwerenge kawiri. Ndinakuuzani kuti musamutsire kamera kuchipinda. Mawu amenewo ndabweza. Masiku onsewa ndikatsegula masana ndimayamba kuona mpando wopanda munthu. Kenako kumbali kumatulukira nsonga ya ndodo, kenako phazi, kenako amayi. Lachitatu anagwira tebulo kawiri. Dzulo sanaligwire. Kamera ikapita kuchipinda, adzagonanso kuyang'ana kukhoma. Isiyeni pomwepo. Musazule msomali ngakhale umodzi, ndipo ngati guluu watsala, onjezerani. Mwamva? Mwana wanu wophunzira akuti yosasuntha, ndipo ulendo uno akutanthauza zimene inu munamva.

Pasiwedi yokha azakhali asinthe, ndawaona a Telala akusuzumira pawindo ndi foni m'manja.

Chomaliza. Bambo, adiresiyi ndi yapoyera ndithu, ndipo nthawi zina ndimaonetsako anzanga a kuntchito kuti awaone amayi. Mukamadutsa pabalaza masana mukuimba manambala, muzivala malaya.

Ndine mwana wanu,
Mzime